Bowa wa m'mapiri a Mangochi: wodziwa amayamba wayang'ana mtengo ndi chulu

Mvula ikakhazikika mu Disembala, ndiwo za m'misika ya ku Mangochi zimasintha. Nsomba zimakhala zachepa poti ndi nyengo yotseka nyanja kuti chambo chiswane, masamba a kumunda akadali aang'ono, ndipo pamenepo m'pamene amayi amayamba kuyala timilu ta bowa pa chiguduli. Mukafunsa komwe wachokera sakulozerani kugombe. Amaloza kumtunda: ku Chowe, ku Namwera, kwa Katuli, ku Phirilongwe kapena kumapiri a kwa Nankumba. Kuchigwa kotentha kuja, kwa milambe ndi migwalangwa, kumamera makamaka bowa wa pachulu ndi wa m'minda. Unyinji wa bowa amene timadya amatsika kuphiri.

Ambiri amati chifukwa chake ndi mvula, poti kumtunda imagwa yambiri kusiyana ndi kunyanja. N'zoona, koma chifukwa chachikulu ndi mitengo.

Chimene timazula n'kuika mu dengu si chamoyo chonsecho ayi, ndi chipatso chake chabe. Mwini wake ali pansi: timaulusi toyera, topyapyala kuposa tsitsi, tomwazikana m'dothi ndi m'masamba owola. Mukafukula zinyalala patsinde pa msuku m'dzinja mumatiwona titamatirira kumasamba. Timakhala pamenepo chaka chonse, ngakhale m'chilimwe. Dothi likanyowa mokwanira m'pamene timatulutsa bowa, kuti amwaze fumbi la mbewu lomwe limagwa kuchokera kunsi kwa chipewa chake. N'chifukwa chake pamene munazula ndelema chaka chatha mukabwererapo chaka chino mumamupezanso, ndipo n'chifukwa chakenso amayi odziwa malo otere salengeza kwa aliyense.

Bowa alibe masamba obiriwira, choncho sangadzipangire chakudya ndi dzuwa monga chimachitira chimanga. Ayenera kudyera kwa wina. Pali amene amadya zakufa, monga zitsa, mapesi ndi ndowe. Bowa wolimidwa m'majumbo a mapesi a chimanga uja ndi wa gulu limeneli, ndipo amalimika chifukwa chakudya chake n'chosavuta kumupatsa. Koma bowa wotchuka wa m'mapiri athu amadyera kwa mtengo wamoyo. Timaulusi take timakuta nsonga za mizu ya mombo, tsamba, mchenga ndi msuku. Timasaka madzi ndi michere ya m'nthaka kutali kumene muzu sungafike n'kupereka kwa mtengo, mtengowo n'kubweza shuga amene masamba ake apanga. M'dothi losauka la miyala ngati la m'mapiri a Namizimu, mtengo wa miombo umadalira kwambiri ubale umenewu. Bowayonso payekha sangakhale. Mpaka lero palibe mlimi amene amalima ndelema kapena manyame m'nyumba. Wofuna bowa ameneyu ayenera kukhala ndi nkhalango.

Nkhalangozo ku Mangochi zilipo. Ya Namizimu ndi ya Mangochi zinapatulidwa mu 1924, nthawi ya atsamunda, ndipo kumadzulo kuli ya Phirilongwe. Mapiri a Nankumba ena ali mkati mwa Lake Malawi National Park yomwe inakhazikitsidwa mu 1980. Nkhalango ya Mangochi, yomwe imalumikizana ndi malo osungira nyama a Liwonde, yakhala ikuyang'aniridwa ndi bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks kuyambira 2018. Awa si malo ongolowa mwachisawawa. Malamulo a zankhalango a 1997, omwe anawakhwimitsa mu 2020, amafuna chilolezo kapena mgwirizano wa mudzi ndi boma kuti munthu atenge zinthu m'nkhalango yotetezedwa, ndipo kwina kuli njovu. Wopita kubowa ayambe wafunsa kwa amfumu kapena komiti ya zachilengedwe ya m'mudzimo.

Bowa wa pachulu nkhani yake ndi ina, ndipo kwa ine ndi yodabwitsa kuposa zonse. Ameneyu ndi wolimidwa, koma mlimi wake ndi chiswe. Mkati mwa chulu muli timapanga momwe chiswe chimaunjika udzu ndi mitengo yomwe chatafuna, n'kuumba zinthu zonga zisa. Pa zisa zimenezo m'pamene pamakhala bowa. Iye amafewetsa zolimba zomwe mimba ya chiswe singagaye, chiswe n'kumadya zofewazo pamodzi ndi timibulu toyera ta bowayo. Chulu chimasunga chinyezi ndi kutentha kofanana usana ndi usiku. Ulimi umenewu ndi wakale zedi: kuchigwa cha Rukwa ku Tanzania anapeza zisa zotere zosanduka mwala za zaka pafupifupi 25 miliyoni. Mvula ikagwa, bowa amaboola kuchokera pa chisa pansi penipeni mpaka kutulukira kunja, motero amakhala ndi muzu wautali wonka nuchepa. Bowa onse a gulu limeneli akatswiri amawatcha Termitomyces. Utale, wamkulu wa mnofu uja, ndi wa momwemu. Nyonzwe wa kansonga pakati pa chipewa nayenso. Kulinso manda, ting'onoting'ono toyera tomera mazanamazana pa dothi lomwe chiswe chataya kunja, ngakhale iye alibe muzu wautali ngati anzakewo. Wamkulu mwa onse, Termitomyces titanicus, wopezeka kwambiri ku Zambia, chipewa chake chimatha kufika pafupifupi mita imodzi, koma sayansi inamulemba m'mabuku mochedwa, mu 1980, anthu atakhala akumudya kuyambira makolo.

Muzu umenewu ndi umboni. Gogo akamaphunzitsa mdzukulu pachulu, amamuletsa kungothyola. "Iwe, usadule pamwamba. Kumba ndi kamtengoko uone mchira wake." Mwana amakumba mozungulira, dothi lofiira likugumuka, mpaka muzuwo utuluke wautali kuposa chikhatho, wolimba, wothimbirira. Akauona, gogo amavomera ndi mutu. Akapeza kuti pansi pangothera chibulumwa chopanda mchira, amuuza kuti ataye, asaike n'komwe mu dengu.

Chomwe akuopa gogoyo chilipodi. M'udzu wa pabwalo, m'mphepete mwa khola ndi m'minda yothiridwa manyowa mumamera bowa wamkulu woyera, wa timamba tabulauni pachipewa ndi mphete patsinde. Dzina lake la sayansi ndi Chlorophyllum molybdites, ndipo m'maiko otentha ndi mmodzi mwa amene amadwalitsa anthu kawirikawiri. Akakula, timizere ta kunsi kwa chipewa chake timasanduka tobiriwira motuwa. Mukadula chipewacho n'kuchivundikira pa pepala loyera usiku wonse, m'mawa mumapeza fumbi lobiriwira, pamene la bowa wa pachulu limakhala lotuwa mofiirira pang'ono. Vuto n'lakuti akadali wamng'ono kunsi kwake kumakhala koyera bwinobwino, ndipo amakopa kwambiri nthawi imeneyo. Amatha kumera ngakhale pafupi ndi chulu. Amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba kwambiri pasanathe maola atatu, nthawi zina ndi magazi omwe, ndipo mwana wamng'ono akhoza kutha madzi m'thupi msanga.

Ndelema ndiye amatsegulira nyengo ya bowa wa m'miombo, cha mu Disembala ndi Januwale. Amatuluka ali wobulungira, atakutidwa m'kathumba koyera. Kathumbako kamang'ambika n'kutsala patsinde pansi, chipewa n'kutambasuka, choyera mbee m'mbali, chothimbirira pakati, choterera chikanyowa, chokhala ndi timizere m'mphepete. Patsinde pamakhala kansalu kolendewera. Ndi wokoma, wa msuzi wake, koma sachedwa kuvunda, ndiye wogulitsa amafuna athe tsiku lomwelo. Anzathu a Chiyao, omwe ndi ambiri kumtunda kwa Namwera, amamutcha utenga.

Apa m'pofunika kudekha. Ndelema ndi wa banja la Amanita, lomwenso muli bowa wakupha kwambiri padziko lonse, Amanita phalloides. Zizindikiro zomwe mabuku a ku Ulaya amati mukaziona thawani, kunsi koyera, kansalu patsinde, kathumba pansi, ndelema ali nazo zonse. Wakuphayo chipewa chake nthawi zambiri chimakhala chobiriwira mwachikasu, chopanda timizere m'mphepete, koma mvula ikamuchapa amayera. Kwawo ndi ku Ulaya, ndipo anafika kum'mwera kwa Africa atakwera pamizu ya mitengo yobwera monga oak ndi paini. Mbale wake wina, wofiira wa madontho oyera, amapezeka m'minda ya paini. Choncho lamulo lomwe ndimaliona lolimba ndi ili: chooneka ngati ndelema chikamera pansi pa mtengo wobwera, kaya ndi paini kaya ndi bulugamu, chisiyeni pomwepo. Ndipo ngakhale m'miombo mwenimweni muli ma Amanita ena oyera omwe makolo sankadya. Wongoyamba kumene asazule ndelema yekha. Makamaka asatenge wosatambasuka, chifukwa akadali m'kathumba onse amafanana.

Manyame amabwera mvula itakhwima, kuyambira Januwale mpaka Malichi, ndipo ndiye wochezeka kwa wophunzira. Ndi achikasu, ena ofiira, opindika m'mbali. Kunsi kwake kulibe timizere topyapyala tothothoka, koma makwinya okhuthala ochita mphanda, otsetsereka mpaka patsinde. Amanunkhira ngati chipatso, mphutsi sizimukonda kwenikweni, ndipo amapirira ulendo wa pa kabaza kuchokera kuphiri kufika ku boma. Ku Ulaya bowa wa banja lomweli, Cantharellus, ndi wodula m'malesitilanti. M'banjamo muli wina wakuda bii, wosakopa maso ngakhale pang'ono, koma wodyedwa.

Pali gulu linanso lalikulu, la bowa wofumbutuka, amene tsinde lake limathyoka mwaphwa osasiya ulusi. Ena mukawakanda ndi chikhadabo amatuluka mkaka woyera. M'gulu limeneli muli maina monga chipindi, usinda ndi kungulokwetiti. Ena ndi okoma, ena amayabwa pakhosi kapena kuwawa, ndipo amayi amawawiritsa kaye n'kutaya madzi oyamba. Kuwiritsa kumeneku kumachotsa kuyabwa kwa bowa wa gulu ili lokha. Wina asatengere pamenepo n'kuganiza kuti moto umagonjetsa poizoni aliyense.

Maina ndatchulawa musawagwiritse ngati chiphaso. Dzina limodzi limatha kutanthauza bowa wina ku Namwera ndi wina ku Ntcheu, ndipo bowa mmodzi akhoza kukhala ndi maina atatu m'boma limodzi momwe Chichewa, Chiyao ndi Chilomwe zikukumana. Brian Morris, amene anafufuza bowa wa m'Malawi n'kutulutsa buku lake mu 1987, anaona kuti odziwa zenizeni ndi amayi, ndipo kuti iwo satchula bowa chilichonse chomera ndi chipewa. Bowa ndi wodyedwa yekha. Zina zonse, kaya ndi zakupha kaya ndi zongosadziwika, amangoti chirombo, osavutika kuzipatsa maina. Nzeru imeneyi ndi yaikulu kuposa mmene imamvekera. Mayi wa kuphiri safuna kudziwa chilichonse chomera m'nkhalango. Amadziwa bwino mitundu ingapo yomwe anaionetsedwa pamanja ndi amayi ake, amadziwa mtengo wake, mwezi wake, fungo lake ndi mmene imathyokera, ndipo china chilichonse amachidumpha. Chomwe chimamuteteza ndi kukana kwakeko.

Ngozi imabwera pamene munthu wafuna njira yachidule. Ena amati bowa wodyedwa ndi mphutsi kapena nkhono ndi wabwino. Nkhono zimadya Amanita wakupha uja osamva kanthu. Ena amati onani anyani ndi apusi, koma mimba ya nyani si yanu, ndiponso simudziwa chimene chinamuchitikira atalowa m'thengo. Ena amaponya anyezi kapena supuni mu mphika kuti aone ngati ida. Sizida, ngakhale poizoni atakhalamo wadzaoneni. Ena amati wakupha amawawa kapena kununkha, chonsecho anthu amene anapulumuka atadya Amanita wakuphayo amanena kuti anali wokoma. Kupatsa galu kaye n'kudikira ola limodzi n'kosathandiza, poti poizoni woopsa kwambiri amachedwa kuoneka. Masiku ano kwabwera foni: munthu ajambula chithunzi, pulogalamu imuuza dzina. Mapulogalamu ambiri otere anaphunzira pa zithunzi za bowa wa ku Ulaya ndi America, ndipo chithunzi sichionetsa muzu, fungo kapena mtengo umene unali pamwamba pake. Safunsa anadya phula, koma wofunsidwayo akhale munthu wa m'dera lomwelo amene wadya bowa ameneyo zaka zambiri, bowayo ali m'manja, wathunthu ndi tsinde lake.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi chakuti malo amene nzeru imeneyi inakulira akusintha msanga. Aliyense woyenda msewu wokwera Chowe amakumana ndi njinga zotsika ndi matumba a makala, ndipo makala abwino amachokera ku mitengo yomweyo ya mombo ndi mchenga. Mtengo ukagwa, shuga amaleka kutsikira kumizu, ndipo bowa wodyera pamenepo amasiya kubala. Moto wa mu Okutobala umapsereza zinyalala zomwe zimasunga chinyezi. Nkhalango ikatalikira, amayi amadzuka m'bandakucha n'kupita kumalo omwe sanakulireko. Ena amatuma ana. Ena, njala ya Januwale ikaluma, amatenga chimene chaka chabwino akanachidumpha. Pamalo a miombo tikabzala bulugamu ndi paini, timabzalanso bowa wachilendo amene gogo sanamuonepo, wina wofanana ndi wakwathu. Kubzala mitengo n'kwabwino, koma kwa bowa mtengo si mtengo chabe. Mwayi wake n'ngwakuti miombo imaphukira pachitsa. Chitsa chikatetezedwa ku moto ndi mbuzi, mizu yake imakhalabe yamoyo, ndipo phiri losiyidwa kuti liphukire limabweza bowa wake mosavuta kuposa phiri lobzalidwa mbande zobwera.

Kuzula kwenikweniko sikutha bowa. Ku Switzerland anatsatira malo amodzi kwa zaka pafupifupi 30, ndipo zotsatira zomwe zinatuluka mu 2006 zinaonetsa kuti kuzula kapena kudula sikunachepetse zokolola za zaka zotsatira. Chomwe chinachepetsa bowa wotuluka ndi kupondaponda pansi. Ndiye kulanda dengu la mayi wozula bowa, uvuni wa makala ukufuka utsi kuseri kwa phiri lomwelo, n'kulondera pakhomo polakwika. Mudzi umene umapeza ndiwo ndi ndalama za sopo kuchokera ku bowa chaka ndi chaka uli ndi chifukwa chosungira mitengoyo, ndipo mapangano a midzi ndi a zankhalango ayenera kuwerengera zimenezi.

Bowa akafika pakhomo ntchito siinathe. Asankhidwenso poyera, mmodzimmodzi, pa lichero, mtundu uliwonse paokha, ndipo wosankhayo akhale wamkulu ngakhale ozulawo atakhala ana odziwa. Wovunda, wa madzimadzi ndi wa mphutsi zambiri atayidwe, chifukwa ngakhale ndelema weniweni akaola amadwalitsa. Kutentha kwa Mangochi sikuchedwa kuwononga bowa womangidwa mu jumbo. Dengu ndilo labwino poti limapita mphepo. Aphikidwe mpaka apse, kaya ndi tomato ndi anyezi kaya wotendera nsinjiro. Wotsala amafutsidwa: kuwiritsa pang'ono, kuyanika padzuwa mpaka aume gwa, n'kusunga mu chikwatu cha masamba a msuku kuti adzathandize m'chilimwe. Koma mfutso uli ndi msampha wake. Bowa akauma amakwinyika n'kuda, zizindikiro zonse zija zimafafanizika, pamene poizoni wa Amanita sachoka ndi dzuwa, moto, mchere kapena chidulo. Wouma wosakaniza mitundu, wogula kwa munthu amene simukumudziwa, palibe katswiri angakutsimikizireni ndi maso.

Zikavuta, chinthu choyamba kuwerenga ndi nthawi. Kusanza koyamba msanga, pasanathe maola awiri kapena atatu, kawirikawiri kumachokera ku poizoni wovutitsa m'mimba, woopsa makamaka kwa ana, okalamba ndi amayi oyembekezera chifukwa cha kutha madzi m'thupi. Kusanza ndi kutsegula m'mimba koyamba patatha maola 6 mpaka 24, mwachitsanzo banja ladya madzulo n'kuyamba kudwala m'mawa, ndiko koopsa kwambiri, chifukwa ndi mmene amachitira poizoni wowononga chiwindi. Theka la chipewa chimodzi likhoza kupha munthu wamkulu. Chonyenga chake n'chakuti tsiku lachiwiri wodwala amaoneka ngati wachira, amapempha phala, abale n'kumasuka mtima. Nthawi imeneyo chiwindi chikuwonongeka mwakachetechete. Pofika tsiku lachitatu mpaka lachisanu maso amachita chikasu, mutu umasokonekera, impso zimaleka kugwira ntchito. Ndipo ngati mu mphika munali mitundu yosakaniza, kusanza kwa msanga sikutanthauza kuti woopsayo munalibe.

Choncho palibe kudikira kuti tione mmene kuchere. Onse amene anadya nawo, ngakhale amene akuti ali bwino, apite kuchipatala chapafupi tsiku lomwelo, kaya ndi ku Mulibwanji, ku Malindi, ku Monkey Bay kapena ku chipatala chachikulu cha boma. Panjira wodwala azimwa Thanzi ORS pang'onopang'ono. Mkaka, mafuta ophikira, phulusa ndi mankhwala azitsamba osanzitsa sizichotsa poizoni, zimangodya maola amene achipatala akanagwiritsa ntchito. Makala amene adokotala amamwetsa kuti agwire poizoni m'matumbo ndi okonzedwa mwapadera, si a pa mbaula, ndipo amathandiza kwambiri akaperekedwa msanga. Tengani ndiwo zotsala, zosenda ndi bowa wosaphika ngati alipo, muzikulunge m'pepala. Auzeni achipatala ola limene munadya, ola limene woyamba anayamba kusanza, ndi mtengo kapena malo pamene bowayo anazulidwa. Ngati anagulidwa pamsika kapena ena anagawiridwako, tumani munthu akawachenjeze asanaphike.